Simu Khadi ya Maliro a Lufina

1.

Iwe Lufina ndiwe wamwano. Unali wamwano uli moyo, wachita mwano mpaka pofa. Zaka zonsezi ndili pakhomo ku Namitambo, kwanu ndi kwathu kungodumpha kamtsinje, sunafe. Unagwa mumtengo wa mapeyala uli ndi zidzukulu kale, sunafe. Inakuluma njoka kudimba, inafa ndi njokayo. Ndangokwera ndege kamodzi kokha m'moyo wanga wonse, kubwera kuno ku Jeremani kudzadikirira Yankho kuti achire, basi iwe wati mpata ndi umenewu.

Mbava.

2.

Pepala limene anandilembera Yankho, mwana wa malemu mkulu wanga, tsiku limene ndinafika. Anakopera pa mawu amene amaphunzitsa alendo odzaona dziko. Akuti Anti, tsiku lina tidzapita limodzi kukagula simu ya kuno, koma mukadzakhala nokha muzidzangoloza ndi chala.

die SIM-Karte, simu khadi
Prepaid, yolipiriratu
ohne Vertrag, yopanda kumangana mwezi ndi mwezi
das Guthaben, mayunitsi
aufladen, kuthira mayunitsi
der Ausweis, chitupa
bitte, chonde
danke, zikomo

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, chaka chimene aphunzitsi anandipezerera ndikutsanzira kayendedwe kawo. Kuwerenga ndimawerenga, koma ngati nkhuku ikumwa madzi. Kujompha. Kuyang'ana kumwamba. Kujomphanso.

3.

Lero m'mawa. Yankho ali kuchipatala kuyambira dzulo, mwana wakhala mopingasa. Mwamuna wake, a Tositeni, alowa m'nyumba kudzatenga chikwama cha matewera, maso ali psuu. Aika foni ya mkazi wawo patebulo, adina, abwerera kukaima pakhomo. Foni iyamba kulankhula yokha.

Amayi Edesi, ndine Sitelia wa a Lufina, mwana wanu. Anjira anu atisiya dzulo madzulo. Tikuika lero lomwe, mvula kuno sikupereka mpata. Asanatseke maso anati ndikukumbutseni pangano lija.

Basi. A Tositeni anena pepani wawo wopindika uja, atola foni, aloza kunja kusonyeza kuti madokotala akudikira ndi mpeni, atuluka.

Ukanakhala iwe ukanatani? Ndiwagwire malaya akamwini? Ine mpongozi, amene chifikireni sindinawayang'anepo kumaso, ndiwalande foni mkazi wawo akupita kokang'ambidwa? Ndinangoti zikomo. Chitseko chinatsekeka. Kafoni kanga ka mabatani kali m'thumba, chitsikireni mundege kali duu ngati mwala wa m'munda.

4.

Halo?

5.

Kwa amene sadziwa chinjira, pakuti ana a masiku ano chibwenzi chawo chimathera pa foni. Mbale wako umampeza, sufunsidwa. Anjira umasankha wekha. Lufina anabwera kwathu tonse tili ndi mwana woyamba kumsana, atasenza dengu la ufa, nkhuku ili pamwamba. Ine ndinabweza ndi chitenje ndi mbale ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo chake ndi changa, matenda ake ndi anga, apongozi ake tinkadana nawo limodzi.

Pangano linabwera pambuyo, tili pa maliro ena ake kuseri kwa phiri. Mlaliki anali atalalika mpaka agalu anagona. Anthu akulira mwaulesi, ngati aganyu. Iwe unandigunda ndi chigongono.

Edesi, ine ndikadzafa usadzandilire.

Nanga ndidzavine?

Udzanditukwane. Pamaso pa anthu onse, asanandikwirire. Udzanene zonse mpaka anthu aseke. Ndikufuna ndidzatsike m'dzenje ndikumva kuseka, osati zoimba zonyowa izi.

Nanga ndikadzayamba ndine?

Iwe zako ndasunga kale, sizidzatha tsiku limodzi.

Tinakolana tizala pansi pa chitenje. Mayi wina wa chigwirizano anatiyang'ana ndi diso loipa. Unamutulutsira lilime.

6.

Ndinakoka katani. Chifikireni kuno kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa, usana ndi m'mawa osasiyana, ine ndili m'nyumba. Lero lokha, ndiye lero, dzuwa latuluka. Lili chapansi, langosuzumira pamwamba pa madenga, ngati la nthawi imene timapita kudimba mame asanaume.

Kwathu saika munthu wamkulu dzuwa lisanadutse pamutu. Adzukulu akumbe, anthu adye, abusa alankhule, amfumu alankhule, wa chipani alankhule.

Dzuwa silinakwere. Nthawi ilipo.

7.

Ndinavala juzi yanga, pamwamba juzi ya Yankho, pamwamba chijekete cha a Tositeni chofika m'mawondo, pansi chitenje chija unandibwezera chitang'ambika, pepala m'manja, ndinatsika masitepe ndikufunafuna ambulera, pakuti kwathu ukafuna simu umayang'ana ambulera ndi katebulo, pansi pake pali munthu amene akudziwa mayi ako, amakudulira simu, amakuthirira mayunitsi, amakuuzanso amene wathetsa banja sabata ino, koma kuno msewu wonse ambulera palibe, katebulo palibe, munthu wopatsa moni palibe, ndinapereka moni kwa abambo ena anayang'ana nsapato zawo, ndinapereka moni kwa amayi ena anakumbatira chikwama, ndinakumana ndi galu wovala jekete yabwino kuposa ya abusa athu, ndinaima ndithu kumufunsa galuyo kuti achimwene mumagwira ofesi iti, mwini wake anamukoka, ine ndikuseka ndekha pamsewu mphuno ikuchucha madzi, ndikuti zimenezi ndikamuuze Lufina, kenako ndikukumbuka kuti ndi iweyo ukundiyendetsa m'chisanu muno, mbava iwe, ndipo mkwiyo unanditenthetsa kuposa majuzi onse aja mpaka ndinaona shopu ya magalasi yodzaza ndi mafoni

8.

M'katimo mtsikana. Ndolo pamphuno ngati ng'ombe ya pangolo, tsitsi mbali ina lometa, mbali ina lobiriwira. Mayi ake alipo ameneyu? Ndinayala pepala patebulo. Chala pa mzere woyamba. Chala pa wachiwiri. Chala pa wachitatu. Bitte.

Anagwedeza mutu kuvomera. Anatulutsa kaphukusi. Mtima wanga unati phee. Ndinatambasula dzanja.

Iye anabweza kaphukusi kuchifuwa kwake. Ausweis.

Ndinajompha papepala, ndinayang'ana kumwamba. Chitupa. Ndiye ndinaseka, chifukwa chimenechi ndinachidziwiratu, ndi kwathu komwe simu imafuna chitupa. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinatulutsa chitupa changa cha unzika, chija ndinafolera padzuwa nawe limodzi pa sukulu ya pulaimale, chija ndinatuluka ngati andigwira ndi mbuzi yakuba. Anachitembenuza uku. Anachitembenuza uko. Anachibweza ndi zala ziwiri.

9.

Nein.

10.

Analemba yekha pansi pa mawu a Yankho, ndi cholembera chake. Reisepass. Anajambula kandege pambali, kuti nkhalamba imve. Pasipoti.

Pasipoti ili kunyumba, pansi pa matiresi, m'jumbo, m'kati mwa sokosi. Yankho anati Anti, ichi chikatayika mwatayika ndinu. Ndiye ndizingoyenda nacho pamsewu ngati mpango wa chimfine?

Ndinamuuza mtsikana uja m'Chichewa chomveka bwino. Ndinati mwanawe, nkhope ndi iyi, chitupa ndi ichi, boma la kwathu linandivomera, iwe ndiwe ndani? Ndinati foni yako yomwe ili m'thumbayo ingathe ntchito yonseyi, kungondibwereka pang'ono. Anamwetulira ngati akumva wailesi ya dziko lina.

Ndinafufuza papepala, kutsogolo ndi kumbuyo.

mnzanga wamwalira
akumuika lero
ndibwerekeni foni
ndinalonjeza
fulumirani
manda

Pepala lilibe mawu amenewo. Alendo odzaona dziko safedwa.

11.

Kubwerera. Masitepe. Matiresi. Jumbo. Sokosi.

Ndinasuzumira pawindo. Dzuwa langosendera chammbali, koma msinkhu womwe uja, pamwamba pa madenga. Ndinati kuno m'mawa umatalika ndithu, n'chifukwa chake azungu amalemera.

Dzuwa silinakwere. Nthawi ilipo.

Ndiye tamvera, Lufina, umve bwino pamene wagonapo. Ndinatereka madzi. Ndinamwa tiyi. Ndinadya buledi wawo wakuda wowawasa uja, ndikumupaka majarini mbali zonse, ndikukonza m'mutu zimene ndikanene pa maliro ako. Nkhani ya mbuzi ya abusa. Nkhani ya wigi inagwera mu thobwa pa ukwati wa Sitelia. Nkhani ya bambo wa njinga yofiira amene unkati ndi msuweni wako. Ndinaziika m'ndondomeko, yoyamba, yachiwiri, yomaliza yogwetsa anthu pansi. Ndinatsuka kapu. Ndinaipukuta.

Ndinamwa tiyi, Lufina.

12.

Ndipo mlandu ndi wako. Amene anandiphunzitsa zimenezi ndani? Si iwe, pamsika wa Lachisanu, tikugulitsa tomato? Mwana wanga atandigulira wotchi, unaigwira ngati chule wakufa.

Edesi, vula chimenecho. Wotchi ndi ya anthu ouma khosi, olephera kuyang'ana kumwamba. Wotchi imatha batire. Dzuwa unamva kuti latha batire? Likafika pa mtengo wa bulugamu uwo, tsitsa mtengo wa tomato. Likafika pamutu, idya. Likapendeka, manga katundu. Dzuwa silinamiza munthu.

Ndinavula. Ndinampatsa mdzukulu. Ngakhale ka nthawi ka pa foni sindinakayang'anepo, kamalemba tinambala tating'ono ngati nsabwe.

Dzuwa silinamiza munthu. Mawu ako amenewo. Ubwere kuno udzawanenenso.

13.

Halo? Mukundimva?

14.

Mayi wina wokalamba walowanso mu shopu. Wavala chijekete cha mwamuna. Waima pamzere kumbuyo kwa anthu amene akusankha mtundu wa chikopa cha foni, wina akufuna chofiira, wabweza, akufuna chobiriwira, wabweza. Mayiyo akulankhula yekha. Akuponda pansi ngati pali nyerere. Nthawi yake itakwana waponya kabuku patebulo ngati akuponya khadi lomaliza pa njuga.

Mtsikana akutsegula kabuku. Akuyang'ana chithunzi, akuyang'ana mayi. Akufunsanso china. Adresse. Mayi sakudziwa. Mayi akuloza kunja, kumanzere, nyumba yotuwa, pamwamba, pali katani wa maluwa. Nyumba zonse za mu tauni ino ya Kasele ndi zotuwa. Mtsikana akupuma mozama. Akutembenuza pepala lija, akupeza kuti linang'ambidwa pa envulopu, ndipo kumbuyo kwake kuli dzina la a Tositeni ndi msewu wawo. Akulemba.

Mayiyo ndine. Ndimati ndidzione ndili patali, mwina ndingadzimvere chisoni. Ayi ndithu. Chitsiru chokhachokha.

15.

Kunali kusanathe. Ananditembenuzira chigalasi. M'chigalasimo mwamuna wa mataye, wamoyo, akuphethira, ali kwina kwake kotentha chifukwa anapinda malaya. Ntchito yake akuti ndi kuona ngati ine ndili ine.

Mtsikana akundisonyeza ndi manja. Yang'anani kuno. Tembenukirani uku. Tembenukirani uko. Kwezani duku pachipumi. Gwirani pasipoti pafupi ndi tsaya. Ipendeketseni iwale. Yendetsani chala patsogolo pake.

Ine Edesi, amene malemu amuna anga anandifunsira osandizungulitsa chonchi. Ndinamuuza wa matayeyo kuti bambo, mwandiona kumaso, mwandiona m'mbali, kwatsala n'kutuma ankhoswe. Ndinamuuza kuti ndili ndi mnzanga wosakwatiwa, ndi wamwano koma lero wafatsa. Iye anati danke. Ndinamuuza kuti tsiku lako lidzafika, adzakutembenuza uku ndi uko pokusambitsa, ndipo sudzati danke.

Anati danke kachiwiri. Chigalasi chinazima.

16.

Simu yalowa m'kafoni. Mayunitsi tathira, zonse zimene Yankho anandipatsa za sopo ndi mafuta, aufladen, aufladen, thira mwanawe usaope. Ndadina nambala ya Sitelia.

Duu.

Mtsikana analembanso papepala, mawu awiri. Freischalten. Warten. Loyamba anasonyeza ngati akutsegula loko ndi kiyi. Lachiwiri anakoka mpando, anandikhazika, anapinda manja ake pachifuwa. Ndiye kuti kwinakwake kuli munthu wina wachitatu amene ayenera kutsegula, ndipo ine ndidikire.

Mpaka liti? Anakweza mapewa.

Pagalasi la kafoni pali timawu tiwiri. Kein Netz. Sindinafunse tanthauzo. Nkhope ya kukana ndimaidziwa m'chilankhulo chilichonse.

Kein Netz.

Kein Netz.

Ndinayang'ana panja kuti ndidzitonthoze. Dzuwa silinakwere. Nthawi

17.

Lafiira.

Pomwe paja, pamwamba pa madenga, osakwera ngakhale chikhato chimodzi, lafiira. Likutsika. Magetsi a mumsewu ayaka okha. Ana asukulu akudutsa ndi zikwama, akubwerera kwawo.

Ndinaimirira. Ndinamugwira mkono mtsikana uja, ndinaloza dzuwa, ndinaloza pamutu panga, kufunsa kuti lifika liti apa. Anandiyang'ana. Anayang'ana dzuwa. Anatambasula dzanja, anajambula m'mwamba kanjira kafupi, kochokera padenga ili kukagwera padenga ilo, chapansipansi ngati nkhuku yodumpha mpanda. Kenako analoza wotchi ya pakhoma.

Madzulo.

Ndipo ndinakumbuka Yankho akunena pa bwalo la ndege paja kuti Anti, nyengo yozizira kwathu kumakhala patsogolo ndi ola lathunthu. Ndinamuyankha kuti kwathu kukhale patsogolo pa chiyani, ife ndi a kumbuyo pa zonse.

18.

Iwe dzuwa la kuno, waulesi, mlesi wa alesi, wodzuka mochedwa n'kugona nkhuku zisanalowe, amene ukanakhala mkamwini kwathu akanakupitikitsa ndi mkeka wako chaka choyamba, wandinamiza ine, munthu wamkulu, ndakukhulupirira kuyambira ndili namwali, ndatsitsa mtengo wa tomato pomvera iwe, ndasiya wotchi ya mwana wanga chifukwa cha iwe, lero wandimwetsa tiyi mnzanga akutsitsidwa m'dzenje, ndipo iwe wa mataye, ndi iwe wa kiyi amene sindinakuone, ndi iwe pepala wodziwa chonde ndi zikomo koma osadziwa maliro, ndi iwe mwana wokhala mopingasa tsiku lolakwika, ayi iwe ndakukhululukira, ubadwe bwino, koma iwe Lufina, iwe, sabata ziwiri zokha zinakukanika kudikira, munthu amene unkandidikiritsa pa siteji mpaka minibasi zonse kutha uli kudzola mafuta

19.

Kafoni kananjenjemera m'manja. Timizere tatulukira pakona, tating'ono, tokwera ngati masitepe.

Kuitana. Kuitana.

Halo, ndani?

Ndine, mwanawe. Ndili pa nambala ya kuno. Thamanga, kaike foni pa bokosi.

Amayi.

Thamanga ndati.

Amayi, taika kale. Tinakudikirani. Ndinawauza adzukulu za pangano, anakhalira makasu awo, abusa anawonjezera nyimbo, amfumu anayamba kuyang'ana kumwamba. Kenako mvula inabwera, madzi anayamba kulowa m'manda. Sitikanachitira mwina.

Anthu anaseka?

Ayi amayi. Tinangolira.

Ndiye wapita ndi zonyowa zomwe ankazikana zija. Chifukwa cha tiyi.

Ndinamva mvula padenga la malata, denga lako lomwe lija lodontha pakona. Kenako Sitelia anati amayi, azimayi onse akadali m'nyumba muno, mvula yawatsekera. Mkeka umene anagonapo sitinaupinde. Duku lawo lili pomwepo. Ndiike foni pamkekapo?

Ikweze mawu. Uwauze a chigwirizano asendere kutsogolo.

20.

Ndiye ndi zimenezo, Lufina. Zonse wamvazi, kuyambira pa mbava paja, ndakuuza uli pamkeka wako, ine ndili pampando wa mu shopu, foni ikuduka, ine ndikuimbanso, ikuduka, ndikuimbanso. Za mbuzi ya abusa ndi za wigi ndi za njinga yofiira ndangozinunkhiza, ndaona kuti chitsiru chachikulu pa maliro ano si iwe. Wamva mmene asekera pa galu wa jekete? Wamva pa ankhoswe a wa mataye paja wina akutsokomola mpaka kumumenya pamsana? Ameneyo ndi wa diso loipa uja, ndamuzindikira chifuwa. Mochedwa, inde. Dothi lakutsekera kale makutu. Koma iwe unkamva miseche uli tsidya lina la mtsinje, usandinamize kuti dothi lonyowa lakulepheretsa.

Sitelia, uwauze kuti sindinathe. Bambo wa njinga yofiira uja dzina lake anali

Mzimayi wachijeremani walowerera pa foni. Mawu osalala, opanda chimfine. Sindinamve zonse, koma limodzi ndalidziwa, lili papepala, mzere wachinayi. Guthaben. Mayunitsi atha.

Duu.

Kunja kwada. Mtsikana wa ndolo wazimitsa magetsi a kutsogolo, watembenuza kachikwangwani ka pachitseko, koma sanandithamangitse. Wakhala pansi, pafupi ndi mapazi anga, akuyang'ana foni yake, ngati mmene amakhalira mwana wa munthu pa siwa. Papepala palibe mawu amene wamva. Kaya wamva chiyani.

Ku Namitambo sakundimvanso.

Anjira. Pangano linati pa maliro anu ndisalire. Silinanene za mu shopu.